Dzina la pa Dekoda

Pa twente-eyiti mwezi uliwonse
ndimatsika wapansi kuchoka ku Chinamwali,
ya kabaza nditaimanga pamfundo ya chitenje,
mpaka pa ambulera yofwifwa ija pafupi ndi depoti
pomwe Asiyatu amakhala ndi mafoni atatu
ndi kabuku kopindika m'makona.

"Nambala ya khadi, mayi?"
Ndimaitchula osapumira, ngati vesi la pamtima.
Amadina. Timadikira netiweki tonse awiri,
iye akuthamangitsa ntchentche ndi bolopeni.
Kenako amawerenga zomwe foni yanena:
"Laisoni Namakhwa. Ndi omwewo?"

Ndi omwewo, mwanangu.

Sindimuuza kuti akugona kwawo ku Jali,
pansi pa msuku, chaka chachitatu tsopano.
Ku penshoni anawadula ndi inki yofiira.
Kumpingo dzina linachoka pamndandanda wa chakhumi.
M'tauni yonse ya Zomba
patsala pano pokha, pa ambulera iyi,
pomwe munthu woti sanawaonepo
amawatchula mokweza, mayina onse awiri,
ine n'kuvomera.

Mbale ija anaikweza okha padenga,
sipanala m'kamwa, malata akulira pansi pa mawondo,
kuilozetsa pampata wa phiri ndi mtengo wa mapeyala,
ine m'nyumba kukuwa ngati wamisala:
Yabwera! Yapita!
Yabweranso, gwirani pomwepo, musapume!
Chiyambire tsikulo palibe anaikhudza.
Mitambo ikatsika ku Chawe ndi mvula yake
nkhope ya wowerenga nkhani imasweka timabokosi,
pakamwa pali yasa, mawu atathawa,
ndipo ndimadikira, monga ankanenera eni ake,
kuti zakumwamba sazimenya mbama.

Mwezi wa dekoda ndi wouma mtima.
Sudziwa maliro, sudziwa malungo.
Sabata ija thiransifoma inapsa kuseri kwa chigayo
tinakhala mumdima masiku asanu ndi anayi,
onse anawerengedwa ngati taonera.
Mtengo wakwera kawiri osatsanzika.
Ndinasiya phukusi la mpira, ndinatsikira kakang'ono,
komabe ndi zitumbuwa mazana awiri
zogulitsa pageti la sukulu, chimodzichimodzi,
kwa ana obwera ndi ndalama zonyowa m'manja.

Mayeso, chitsiriza wanga, amaseka.
"Amayi, mukuthira madzi m'dengu.
Zonsezi zili pafoni, bandulo ya usiku ndi yotchipa."
Ndimamuona pakhonde nthawi ya afiti,
nkhope ili buluu, zingwe m'makutu,
akuseka yekha ndi anthu omwe sindidzawadziwa,
mpaka kauthenga kamuuze kuti zatha,
abwere adzandibwereke faifi handiredi.
Akuti tipite ku ofesi ndi kalata ya imfa
akalembe dzina langa.
Ndimati mawa.
Mawa lakelo lamera ndevu.

Mu Febuluwale, ufa utakwera, ndalama inaperewera.
Kanema anada, pakati pali kabokosi ka mawu achizungu.
Mayeso anandimasulira: akuti mwini wake sanalipire.
Mwini wake!
Munthu amene sanagonepo ndi ngongole ya mchere,
lero akunenedwa pabalaza pake pomwe
pamaso pa mpando wake.
Sindinagone.
Kutacha ndinaitana kalipentala wa kumsika
n'kumugulitsa makwerero aja,
omwewo anakwerera padenga,
utoto wa zala zawo ukadali pa sitepe yachitatu.

Madzulo ake kaenvulopu kanaphethira pakona ya galasi.
Zikomo, a L. Namakhwa.
Ndinapukuta rimoti ndi nsonga ya chitenje,
ndinatsitsa mawu pomwe ankawakonda,
pa leveni,
nkhani za eyiti koloko zinayamba.

Tsopano mphepo ya Ogasiti ikamawomba kuchokera kuphiri
ndimatuluka panja kukayang'ana mbale ija.
Ikangotembenuka pang'ono, ngakhale kachala kamodzi,
pakhomo pano palibenso chokwerera.